Timabotolo Tanga Toopa Dzuwa

1

Mukafika pamsika wa Mayani n'kufunsa za Tamandani mwana wa a Magadalena, adzakuuzani kuti ndi mkazi uja anathetsa banja lake ndi mankhwala ochokera kunja. Mankhwalawo analipodi, sindikana. Banja linathadi. Koma mmene amaikambira nkhaniyi kumeneko si mmene inayendera, ndipo ndatopa kukhala chete.

Ndinakwatiwa ndi Kalisto ndili mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina pa Boma. Kale ndinkati a Kalisto, lero ndimangoti Kalisto, mundikhululukire. Anabwera kwathu chikamwini, tinamanga nyumba ya njerwa pafupi ndi ya amayi, iye n'kumalima mbatatesi ndi kabichi kudimba kwathu, kukagulitsa ku Chimbiya. Tinabereka mwana mmodzi, Rute.

Rute atangoyamba kulankhula bwino, ndinapeza mwayi wokapitiriza maphunziro kuyunivesite ina ku Joni. Ndinazengereza. Amene anandilimbitsa mtima ndi achemwali anga a Filomena, omwe banja lawo linali litatha ndipo ankakhala ndi amayi.

"Pita iwe," anatero. "Mwanayu ndi wanganso. Ukufuna udzakalambe ndi choko m'manja?"

Ndinapita.

Ntchito yanga ndiifotokoze mwachidule, chifukwa popanda iyo simungamve chimene chinachitika. Pali makina amene amayeza kulemera kwa mamolekyu, tizidutswa ting'onoting'ono timene timapanga chinthu chilichonse. Timadonthezera chinthucho pakambale kachitsulo, makina n'kuchiwombera ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza. Tizidutswato timanyamuka titatenga mphamvu ya magetsi, ndipo makina amadziwa kulemera kwake poona liwiro lake. M'zipatala zina amagwiritsa ntchito makina otere pozindikira tizilombo toyambitsa matenda. Koma chimene chimachitika pakanthawi kamene leza yagunda, akatswiri amatsutsanabe. Ine ndinapanga mamolekyu apadera oti azikandionera. Kuwala kukangowakhudza amasintha maonekedwe, ndipo ndikawayeza pambuyo pake ndimadziwa ngati chawanyamula ndi kuwala kapena kutentha. Ali mumdima amaoneka ngati madzi. Akaona dzuwa amasanduka apepo ngati maluwa a jakaranda, ndipo akakhalitsa padzuwa amaonongekeratu.

Kuwapanga kunanditengera chaka ndi miyezi. Ndinkawasunga m'timabotolo takuda, tokulunga m'pepala lonyezimira, tonse m'chitini chimodzi cha mabisiketi.

2

Nditatsala pang'ono kumaliza, makina apayunivesite pathu anaonongeka. Aphunzitsi anga anandipezera mpata wa masiku ochepa mulabotale ina ku Jeremani. Ndinapempha kuti ulendowo ndidzere ku Lilongwe, ndikaone kwathu sabata imodzi. Panali patapita zaka ziwiri ndisanaponde kumudzi.

Unali mwezi wa Juni, chisanu cha ku Dedza chili pachimake. Ndinatsika pa Mayani n'kukwera njinga yamoto, chitini chili pamiyendo panga.

Palibe anandithamangira. Amayi anandipatsa moni atakhala pakhonde. A Filomena anatuluka m'khitchini atabereka Anjelina, mwana wawo wamng'ono amene ndinali ndisanamuonepo. Pafoni anandiuza kuti bambo ake anali wamalonda wa ku Mozambique amene anathawa atamva za mimba. Ndinawamvera chisoni kwambiri nthawi imeneyo.

Rute anaima kumbuyo kwawo atagwira chitenje.

"Rute, bwera. Ndine amayi ako."

Anayang'ana a Filomena kaye. Iwo sanamukankhire kwa ine, sanamuletsenso.

"Sakudziwa," anatero. "Mwana sadziwa munthu pafoni."

Kalisto anabwera kuchokera kudimba dzuwa litapendeka. Anandigwira chanza ngati mlendo wa kutchalitchi.

"Mwafika, mayi a Rute."

"Ndafika. Simunabwere kudzandichingamira."

"Kuli chiwawu kumbatatesi. Timapopera mankhwala."

Titadya, ndinaika chitini patebulo n'kuwachenjeza onse. Ndinati asachitsegule, makamaka masana, chifukwa zimene zili m'katimo zimaopa dzuwa.

"Zoopa dzuwa," anatero a Filomena, akuyang'ana amayi. "Mwamva? Kwathu kuno zinthu zoopa dzuwa timazidziwa."

"Ndi za sukulu, achemwali. Ndikaziwombera ndi leza ku Jeremani."

"Ndi Leza? Mwafika poti Mulungu mukumutuma ntchito tsopano?"

Amayi anachita chizindikiro cha mtanda. Ine ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Kenako ndinanena nkhani imene ndinaisunga ulendo wonse kuti ndiwasangalatse nayo.

"Ndikayeza zimenezi, ndamaliza. Pofika Khirisimasi ndidzakhala nditabwerera kwamuyaya. Andilonjeza ntchito ku Lilongwe. Ndidzatenga bambo a Rute ndi Rute tizikakhala limodzi."

Kalisto anayang'ana pansi. A Filomena anadzuka n'kuyamba kutola mbale, ena tisanasambe m'manja n'komwe.

3

Masiku otsatira anali a nkhondo yosatchulidwa dzina. Ndikati ndimusambitse Rute, a Filomena anali atamusambitsa kale. Ndikamugulira mandasi, ankati amamutsegula m'mimba. M'nyumba mwanga momwe, ziwiya zinali m'malo amene sindinaziike, ndipo a Filomena ankalowa osaodira, mpaka kuchipinda, ati kudzatenga zochapa.

Tsiku lina ndinapita kumjigo. Azimayi anasiya kucheza nditafika. Mmodzi, amene tinaphunzira limodzi kupulayimale, anasuntha ndowa yake kuti isagundane ndi yanga.

"Akuti wabwera ndi timabotolo," anatero motsitsa mawu. "Akuti ndi ta konda ine, ndipo umatidyetsa usiku."

"Akutero ndani?"

"Anthu."

Nditabwerera ndinawapeza a Filomena akusenda mbatatesi.

"Achemwali, n'chifukwa chiyani mukundiipitsira mbiri?"

"Mbiri yako ili ku Joni. Kuno uli ndi mbiri yanji?"

"Ndakulakwirani chiyani?"

"Wafika ndi nsapato zako zoyera kudzatiuza kumene tizikakhala. Rute atadwala chibayo, amene anamubereka kumsana mpaka kumsewu ndi ndani? Leza wakoyo?"

"Munandiuza nokha kuti ndipite."

"Ndinanena. Sindinati ukabwere kudzatola zimene anzako avutikira."

Ndinaganiza kuti ndi nsanje ya sukulu. Iwo analekezera sitandade seveni, ndipo ndinadziuza kuti ndiwapirire.

Madzulo a tsikulo ndinamutsatira Kalisto kudimba. Anali atanyamula chopopera kumsana.

"Bambo a Rute, ndiuzeni zoona. Mukufuna ndisiye sukulu? Ngati ndi zimenezo, nenani."

Kwa nthawi yoyamba chifikireni, anandiyang'ana m'maso.

"Ayi. Sukulu musasiye. Ngakhale itafuna zaka zina ziwiri kapena zitatu, pitirizani. Musathamange chifukwa cha ife."

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ndinati pamudzi ponse pali munthu mmodzi amene ali kumbali yanga.

4

Lamlungu ndinanyamuka m'mamawa ndi amayi ndi Rute, chifukwa amayi amayenda pang'onopang'ono ndipo tchalitchi chathu chili pamwamba pa chitunda. Kunali nkhungu yoti sungaone munthu patsogolo pako. Kalisto anati atsale kuti amwetse ng'ombe. A Filomena anati Anjelina wadzionongera, amusinthe kaye.

Analowa m'tchalitchi mosiyana, ulaliki utayamba kale. Kalisto anakhala kumbali ya azibambo, atavala jekete lake lakuda ndi malaya oyera amene ndinamubweretsera. A Filomena anakhala kumbuyo kwenikweni.

Potuluka, nkhungu inali itachoka. Dzuwa linali lowala ngati mmene limawalira kumapiri kwathu nthawi yachisanu, ndipo anthu anaima m'timagulu pabwalo kuliwothera. Azibambo a kwaya anamuitana Kalisto kuti awathandize kunyamula mabenchi. Anavula jekete, n'kulipachika pamtengo, n'kuwerama.

Ndinali pafupi, ndikupatsana moni ndi akatekisiti. Ndinaona kamtambo kofiirira pamsana pa malaya ake. Ndinaganiza kuti ndi dothi. Kenako kanayamba kuda ndikuona, kuchoka pofiirira kufika papepo weniweni. Panatuluka zala. Dzanja limodzi pansi pa phewa, lina m'chiuno. Anali manja a munthu amene anamukumbatira kuchokera kutsogolo. Ndipo pakhosi pake, pansi pa khutu, panatulukanso chala chachikulu.

Mtsikana wina anakuwa. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo.

"Taonani msana wa a Kalisto. Manja a munthu."

Kalisto ankazungulirazungulira, kuyesa kuona msana wake. Azimayi ena anayamba kupemphera mokweza. Ndinamva wina akutchula dzina langa ndi timabotolo.

Ine mtundu umenewo ndinkaudziwa kuposa nkhope yanga. Padziko lonse panali chitini chimodzi chokha chimene ukanachokera. Ndikuuzeni zoona, choyamba kubwera m'mutu mwanga sanali mwamuna wanga. Chinali chaka chija ndi miyezi yake. Mwamuna anabwera pambuyo, pamene ndinaona kuti manjawo ndi aang'ono.

Ndinayang'ana gulu lonse. Aliyense anali akuloza kapena kugwira pakamwa. Munthu mmodzi yekha ndi amene anaima mumthunzi wa khoma, manja onse atawabisa m'chitenje.

Ndinapita pomwepo.

"Achemwali, tiyeni padzuwa."

"Ndisiye."

"Tulutsani manja."

"Ndati ndisiye, mfiti iwe."

Ndinawagwira pamkono n'kuwakokera pabwalo, Anjelina akulira kumsana kwawo. Anandimenya pakamwa ndi dzanja linalo, ndipo potero analitulutsa. Ndinaligwira n'kulikweza m'mwamba. Sizinatenge nthawi. Chikhatho chonse chinasanduka chapepo, anthu onse a mpingo akuona.

5

Chitini ndinachipeza pansi pa bedi pomwe ndinachisiya, chotsekedwa bwinobwino. Timabotolo tonse tinali tokulungidwa, tonse todzaza. Ndinatenga kamodzi, kutuluka nako panja, n'kudonthezera pambale yoyera. Ndinadikira. Dontholo linangouma.

Anali madzi a pamjigo.

Kuseri kwa bafa, pamene timataya madzi osamba, dothi ndi udzu zinali zapepo.

Anandipeza nditaima pamenepo, a Filomena patsogolo, amayi pambuyo akupuma movutikira. Kalisto anali atalowa kukhola.

"Bwanji simunangowaswa?" ndinafunsa. "Bwanji kuthiramo madzi?"

A Filomena sanachite manyazi. Ankayang'ana zikhatho zawo, kenako ine.

"Tikanaswa ukanadziwa. Timafuna ukafike nawo kwa azungu akowo, akakuuze kuti ntchito yako yalephera, uyambirenso."

"Kuti ndisabwere pa Khirisimasi."

"Kuti usabwere."

"Timafuna? Inu ndi ndani?"

"Amene anandionetsa pamene unabisa chitini ndi ndani? Amene anagwira fanulo yothirira madzi ndi ndani? Mwamuna wakoyo anangochenjera, anavala magolovesi ake opopera."

Ndinakumbukira mawu aja a kudimba, zaka zina ziwiri kapena zitatu, ndi mmene ndinasangalalira powamva.

"Zinayamba liti?"

Iwo anangomasula nsalu, n'kumutsitsa Anjelina, n'kumuimika patsogolo panga. Kamwanako kanali kakulirabe. Ndinali nditakhala nako masiku angapo, kukanyamula, kukapukuta mamina. Ndinakayang'ana bwino tsopano, makutu ake, mpata wa mano ake, ndipo ndinadziwa kuti wamalonda wa ku Mozambique sanakhaleko.

Ndinatembenukira kwa amayi.

"Amayi, inu mumadziwa?"

Anakhala pansi pachitsa.

"Mwamuna sakhala yekha zaka zonsezo, mwana wanga. Anayamba kuchedwa ku Chimbiya. Akanapita kumudzi wina, dimba lino akanalima ndani? Rute akanakula ndi bambo wake? Ndinaona kuti kuli bwino zikhale pakhomo pompano."

"Munandipatsa moni pakhonde paja mukudziwa."

"Ukanafuna ndikuuze pafoni?"

"Mudzi wonse ukudziwa?"

Ndinakumbukira ndowa ija yosunthidwa kumjigo. Sankaopa mankhwala anga okha. Ena ankangolephera kundiyang'ana.

Ndinapita kukhola. Kalisto anali atavula malaya aja, akuwachapa m'chomwera ng'ombe.

"Simunena kanthu?"

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa mpingo."

"Ndi zokhazo?"

"Munachoka nokha, mayi a Rute. Ine sindinakuthamangitseni."

Ndinamusiya akufikisa kolala.

6

M'mawa mwake kunabwera amalume a Gibson, nkhoswe yathu, pamodzi ndi nkhoswe ya Kalisto. Tinakhala m'nyumba mwa amayi, mawindo otseka, chifukwa a Filomena anakana kutuluka. Anali atazindikira kuti akakhala mumdima mtunduwo ukuzilala, akangotuluka ukubwerera. Anasamba ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu. Kalisto anali atamanga mpango m'khosi.

Ndinkayembekezera kuti mlandu ndi wawo. Amalume anayamba ndi ine.

"Tamandani, zalakwika, sitikana. Koma nkhani ya m'nyumba ikanathera m'nyumba. Iwe waitengera kutchalitchi. Ndiponso mchemwali wako wam'pundula manja. Chotsa mankhwala akowa kaye, kenako tikambe."

"Ndawapundula ine? Anatsegula chitini ndani?"

"Usandiyankhe ngati uli m'kalasi. Munthu sangakhale moyo wake wonse akuthawa dzuwa. Alima bwanji?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti onse akuopa. Ankaganiza kuti mtunduwo sudzachoka mpaka manda. Ine ndinkadziwa kuti si poizoni, ndipo kuti khungu lapamwamba likamachoka udzatha wokha sabata isanathe. Sindinanene.

"Ndichotsa," ndinatero. "Koma Rute ndikupita naye. Lero."

"Mwana ndi wa pamudzi pano," anatero amayi.

"Mwana ndi wanga. Mukakana, mankhwala akhala pomwepo, ndipo tikakumana kukhoti."

A Filomena analira kwa nthawi yoyamba. Sanalirire ine, kapena zimene anachita. Analirira Rute.

"Ndamulera ine. Sadziwa kugona popanda ine."

"Aphunzira."

Ankhoswe anatuluka panja n'kukambirana nthawi yaitali. Kalisto sanatsegule pakamwa kuti amenyere mwana wake. Ankangogwira mpango wake uja. Atabwerera, amalume anati nditenge mwana.

Ndinalongedza zovala za Rute m'jumbo. Njinga yamoto itafika, amalume anaima kutsogolo kwake.

"Mankhwala aja."

"Gulani kachasu. Anyowetse kansalu, apukute."

"Ukutinyoza?"

"Ayi, amalume. Zimene sizisungunuka m'madzi zimasungunuka mu mowa. Basi."

Anapatuka.

Rute analira kuchokera pakhomo mpaka pa Boma. Anandiluma padzanja. Mu minibasi ya ku Lilongwe mayi wina anandifunsa ngati mwanayo ndi wangadi, ndipo kondakitala anafuna kuimitsa galimoto pamalo pamene pamaima apolisi.

Ku Jeremani sindinapite, kunalibe choti ndikayeze. Ndinakhala kwa mnzanga ku Lilongwe mpaka mapepala a Rute atatheka, kenako tinapita ku Joni, ndipo ndinayambiranso kupanga mamolekyu aja, masana mulabotale, madzulo ndi mwana amene miyezi yoyamba ankadya atandifulatira. A Filomena anapeza zimene ankafuna. Pa Khirisimasi ija sindinabwere, ngakhale yotsatira yake.

7

Ndinamaliza chaka chatha. Ndikugwira ntchito ku Lilongwe, ndipo Rute ali kusukulu pafupi ndi pamene tikukhala. Kalisto ndi a Filomena akukhala m'nyumba ija tinamanga. Ndamva kuti kwabadwanso mwana wina.

Inu owerenga, ndikudziwa zimene ambiri mukuganiza, chifukwa anzanga anandiuza kale. Ena mukuti mkazi wosiya banja kupita kunja akudziputira yekha. Ena mukuti ndinalanga mwana chifukwa cha zolakwa za akuluakulu, ndipo pa ichi chokha nthawi zina ndimasowa choyankha. Ambiri mukuti ndikhululuke. Chigololo chawo mwina ndikanachimvetsa, anthu awiri pakhomo limodzi, wachitatu ali kutali. Chimene sindinathe kuchimeza ndi chakuti anakhala pansi, n'kuganiza, n'kuthira madzi m'timabotolo mmodzimmodzi, kuti ine ndikaime pamaso pa anthu achilendo ndidzione ngati mbuli, ndidziimbe mlandu ndekha. Mchemwali wako kapena mwamuna wako akakuuza kuti pita, usathamange, ife tili bwino, mwina akunena kuchokera pansi pa mtima. Koma uzibwera kawirikawiri, ndipo nthawi zina usamauze anthu tsiku.

Sabata yatha amalume anaimba foni. Amayi agonekedwa kuchipatala pa Boma, ndipo akufunsa za ine. Tipita Loweruka. Ndasungitsa chipinda kunyumba yogona alendo, chifukwa kumudzi sindikagona.

Dzulo, ndikumuluka tsitsi, Rute anandifunsa:

"Tikawapeza a Filomena kuchipatala, ndikawapatse moni?"

"Ukawapatse. Anakulera."

"Nanga inu?"

"Ine ndikakudikira panja."